Mfuti Yaing'ono Siwombera Patali

Uthenga unamupeza Sajeni Kettie Kamtedza ali pamsika wa Linthipe, akufunsafunsa za mbuzi zobedwa, mlandu umene ngakhale eni mbuziwo anali atatopa nawo. Pafoni anangomuuza kuti cha kwa Kaphuka munthu wawomberedwa m'dimba la mbatata ya kachewere, wafera pomwepo, ndipo wowomberayo sanathawe, wakhala phee kudikira apolisi. Atamva dzina la wowomberayo, Kettie anafunsanso kachiwiri, ngati kuti foniyo ingachite manyazi n'kutchula lina.

Sinatchule lina. Anali a Alufeo Gwedeza.

Wapolisi aliyense amene anadutsa kusukulu ya apolisi m'zaka za Kettie amawadziwa a Gwedeza, mphunzitsi wa mfuti. Kettie ankawadziwa kuposa anzake onse. Anapita kusukuluko ali kamtsikana kotsinzina mfuti ikalira, ndipo akuluakulu anali atagwirizana kale zoti kabwerere kwawo kakagwire khasu. A Gwedeza okha ndi amene anakana. Loweruka lililonse, anzake akuchapa zovala, ankapita naye kubwalo lowomberera mpaka dzanja lake linasiya kunjenjemera. Ntchito imene ikudyetsa ana ake lero inachokera m'manja mwa mkulu ameneyo, ndipo Kettie sankabisa, ankawakonda ngati bambo ake omubala.

Mkuluyo anali ndi nyimbo yake imodzi, imene ophunzira ankaiyerekeza kuseri atakulitsa mawu: "Mfuti yaing'ono ndi ya pafupi. Ngati sukumva fungo la thukuta lake, thawa. Wowombera patali sakudziteteza, akusaka nyama."

Galimoto ya polisi inali itapita kwina, ndipo anamuuza kuti atsogole, imupeza konko. Anakwera njinga yamoto n'kulowa msewu wafumbi, mphepo yozizira ya Ogasiti ikumucheka m'makutu. Njira yonse ankapempha chinthu chimodzi chokha: zikhale kuti wowomberedwayo anali pafupi.

* * *

Dimba la a Gwedeza lili pamtsetse wa phiri, ndipo pakati pake padutsa khwawa lakuya, lija mvula imalikumba chaka ndi chaka. Tsidya lino kachewere, tsidya linalo kabichi ndi anyezi. Munthu wa tsidya lina umamuona bwinobwino, ukhoza kucheza naye mokuwa, koma kuti umupeze umatsika ndi kanjira kokhotakhota n'kukweranso chokwawa. Madzi othirira amabwera ndi ngalande yochokera kumtsinje, kumtunda.

Anthu anali atazungulira dimbalo, achitetezo a m'mudzi akuwabweza ndi timitengo. Mtembo unali pakati pa mizere ya kachewere ataufunditsa chitenje. Chapafupi a Gwedeza anakhala pathumba, msana uli njo ngati ali paperete. Mfuti anaiika pamwala, zipolopolo atazichotsa n'kuzindandalika pambali, monga momwe ankaphunzitsira.

"Wabwera ndiwe, Kettie? Mulungu ngwabwino. Ndimaopa kuti anditumizira ana osadziwa kumene mfuti imaloza."

"Ndabwera, bwana." A Gwedeza anali atapuma pantchito kalekale, koma lilime la Kettie linakana kupuma nawo. "Chachitika n'chiyani?"

"Palibe chovuta. Uyo ndi Godfrey, mkamwini wanga, mwamuna wa Linda. Wakhala akumumenya mwana wanga kuyambira mimba yoyamba. Mwezi wathawu anamugulula dzino, ankhoswe anati ayambe wabwerera kwawo mpaka nkhani ikambidwe. Pochoka ananena pamaso pa anthu kuti pakhomo panga pagwa maliro. Chiyambire tsiku limenelo ndimayenda ndi iyi m'jekete. Chiphaso chake chilipo. Lero masana wandipeza pano ndi chikwanje. Ndamuuza kuti aime, sanaime. Ndawombera."

"Anali pati?"

"Pomwe waimapo iwepo."

Kettie anali ataima poti akanatambasula dzanja akanawagwira phewa. Mtima wake unakhala pansi pang'ono.

Ananjuta n'kuvundukula chitenje. Godfrey anali chimunthu chojintcha, chikwanje chili gone pafupi ndi dzanja lake lamanja. Bala linali limodzi, kunsi kwa khwapa lamanja. Mkono wake unalibe ndi kachilonda komwe. Kettie anayang'anitsitsa malaya, anawanunkhiza, anawatembenuzira kudzuwa. Kabowo kanali koyera, kozungulira bwino.

Apa ndi pamene mtima uja unanyamukanso. Mfuti ikalira pafupi imasiya mwaye pansalu, nthawi zina imawaula kumene. Zimenezi anamuphunzitsa ndi a Gwedeza omwewa, pa malaya akale atawakoleka pamtengo. Ndiponso munthu wokubwerera ndi chikwanje amakupatsa chifuwa, sakupatsa khwapa. Anafufuza m'mizere, anapatula masamba a kachewere uku ndi uku, kufuna chigoba chimene mfuti imalavula chipolopolo chikatuluka. Sichigwa patali ndi wowombera. Panalibe.

"Bwana, chigoba chili kuti?"

"Anthu apondaponda pano."

"Sanaponde. Achitetezo akuti inu nomwe munawaletsa kuyandikira."

A Gwedeza anayang'ana kuphiri. Thalauza lawo linali lonyowa mpaka m'mawondo, matope akuda atamatirira, pomwe mizere yonse ya pamalopo inali gwa, fumbi lokhalokha. Kettie anaziona zonsezi. Munthu wa chidani, woyenda ndi mfuti mwezi wathunthu, wowombera patali kenako n'kunama kuti kunali pafupi: khoti lililonse mlandu wotere limautcha dzina limodzi, kupha mwadala, ndipo pamsinkhu wawo ndende yake ndi yotuluka uli m'bokosi.

"Bwana, ndiyang'aneni."

Chiwadziwire, Kettie anali asanawaonepo akuthawitsa maso. Tsiku limenelo anathawitsa.

* * *

Pamsewu wa kumtunda kwa dimba panaima lole yodzaza theka, ndipo mwini wake, Vinsenti, wogula kachewere, anayamba kuyankha asanafunsidwe.

"Ine, madamu, za mfuti ayi. Ine ndine wa kachewere basi. Kafunseni Linthipe yense, Vinsenti sadziwa khomo la polisi, kupatula ulendo umodzi uja wa matayala, komanso anachita kundinamizira."

"Mwaona chiyani, a Vinsenti?"

"Kuona sindinaone, kumva ndamva. Ndili pamwamba pa lole ndikumanga matumba, ndangomva phaa! Ndati basi, tayala lapita. Kutsika, matayala onse ali bwinobwino. Kudzutsa mutu, ndikuona madala aja akutsika m'phirimu liwiro la mtondo wadooka. Mwendo wawo wovuta uja anauiwala kunyumba, ndikukuuzani."

"Akutsika? Mfuti italira kale?"

"Italira kalekale. Amachokera uko, kumene ngalande imayambira. Khasu m'manja, malaya okhaokha, chisanu chonsechi."

"Jekete sanavale?"

"Ayi ndithu. Ndinachita kudabwa kuti nkhalamba ikufuna chibayo kodi." Vinsenti anaima pakati, pakamwa pali yasa, atazindikira kuti lilime lamuthamangira patsogolo. "Madamu, ndalankhula zolakwika? Madala aja ndi munthu wabwino. Godfrey uja, Mulungu andikhululukire poti wagona, anali chilombo. Muzilemba bwino zimenezo."

"Mwalankhula zimene munaona. Zikomo."

Kettie anatsika pamsewupo mutu ukuwira. Ngati mfuti inalira a Gwedeza ali kumtunda, opanda jekete imene mfutiyo inkagonamo, ndiye kuti sanawombere pafupi, sanawomberenso patali. Sanawombere n'komwe. Chimwemwe chinamugwira, koma sichinakhalitse. Munthu ngati ameneyo savomera mlandu wakupha chifukwa cha munthu wamba.

* * *

Linda anamupeza atakhala pansi pa mtengo wa mapichesi, amayi awiri atamukhalira mbali ndi mbali. Kettie anawapempha kuti asunthe kaye. Mtsikanayo anali wowonda, mpata wa dzino ukuoneka akatsegula pakamwa. Mkono wamanzere anaukulunga ndi duku limene magazi anali atalipyoza.

"Pepani, achemwali. Tandiuzani zimene zachitika."

"Anabwera ndi chikwanje. Ababa anawauza kuti aime, sanaime. Anawombera."

Mawu omwewo, mndandanda womwewo, ngati mwana wa katekisimu. A Gwedeza anali mphunzitsi wabwino mpaka pa bodza pomwe.

"Nanga mkonowu?"

"Ndagwera pakhasu."

"Khasu lake lakuthwa bwanji, lodula chopingasa." Kettie anamusansa fumbi kumsana. Linali paliponse, m'tsitsi, m'mapewa, kumbuyo kwa bulauzi yense. "Munagona chagada m'mizere. Mfuti ya bambo anu mumaidziwa kagwiridwe kake?"

"Ine? Ndimaopa ngakhale kuiona."

Kettie anamugwira manja ngati akumutonthoza, n'kuwayandikiza kumphuno. Ankanunkha dothi ndi magazi basi. Komanso Linda akanawombera ali pansi pa mwamunayo, malaya aja akanapsa.

"Inalira kangati?"

"Sindinamve." Katekisimu uja anathera pomwepo. "Ndinali nditatsinzina. Ndinkangoti ana anga atsala ndi yani. Kenako ndinangomva dzuwa landiwomba kumaso, chithunzithunzi chawo chachoka."

Atanena izi anadzitseka pakamwa ndi dzanja, misozi ili chuchuchu. Kettie sanamufunsenso kanthu. Anali atamva zokwanira: Godfrey anaima pamwamba pa mkazi wake, mkono uli m'mwamba, khwapa lili poyera. Koma linali poyera kwa yani?

* * *

A Yeremiya, mkulu wa dimba la kumunsi, amene amamwera ngalande imodzi ndi a Gwedeza, sanali munthu wowononga mawu. Anayankha akupitiriza kukonza mzere, ngati imfa ya munthu ndi nkhani imodzi, kachewere wofota ndi nkhani ina yoposa.

"Madzi anaduka."

"Anaduka bwanji?"

"Wina anatseka kumtunda. Zibuma ndi udzu. Madzi saduka okha mwezi uno."

"Ndiye a Gwedeza anapita kukatsegula?"

"Anavula jekete, anaika pachitsa, anakwera. Asanafike n'komwe, mkamwini uja watulukira m'bango. Amadikira zomwezo."

"Anabwera mwaukali?"

"Ayi. Odi, odi, chipewa m'manja. Akuti wabwera kudzapepesa kwa mayi a ana. Chikwanje? Mlimi aliyense amayenda nacho. Ine ndinatsikira kuno, za banja la eni sindimvetsera. Kenako mfuti."

"M'dimbamo munatsala ndani?"

"Linda ndi mwamuna wake."

"Nanga mayi ake a Linda, a Falesi? Sanabwere kudimba lero?"

A Yeremiya anaimika khasu koyamba, n'kuseka pang'ono, kuseka kwa munthu wamkulu pofunsidwa za chibwana.

"Amenewo musavutike nawo, mayi. Anali kutali. Atangomva odi wa mkamwini, anatola jekete pachitsa paja, anafunda kumutu, anaoloka khwawa. Ndi akale amenewo, saonana maso ndi mpongozi. Chikwatire mnyamata uja pakhomo pawo, sanakhalepo naye mphasa imodzi, akakumana panjira amapatukira kutchire. A masiku ano anasiya zimenezo, mpongozi amadyera naye mbale imodzi. Koma a Falesi ayi."

"Ngakhale munthu womenya mwana wawo?"

"Ukwati unali usanathe. Mpongozi ndi mpongozi."

"Mwati anafunda jekete. Ya ndani?"

"Ya amuna awo. Nanga chitenje chawo si anali atamangira anyezi?" Anatolanso khasu. "Mukuganiza chiyani? Kuchokera tsidya lija ngakhale mwala umafika chotopa. Ndipo kamfuti kaja n'ka pafupi. Eni ake amatiuza tsiku ndi tsiku."

Mudzi wonse unkadziwa kumene a Falesi anali, ndipo mudzi wonse unkaona kuti kumeneko ndiye kowayeretsa. Kettie anayang'ana tsidya la khwawa.

* * *

Anatsika kanjira kaja chogwira udzu, nsapato zikuterereka, n'kukwera tsidya linalo akupuma wefuwefu. Iye, munthu wa mphamvu zake, zinamutengera nthawi yoti munthu n'kusenda chinangwa n'kuyamba kudya.

M'mphepete mwa khwawa munali chitsa cha bulugamu. Patsinde pake dothi lonyowa la kabichi linali ndi maenje awiri a mawondo. Kettie anagwada momwemo, anatsamiritsa manja pachitsa, n'kuyang'ana kutsogolo. Chitenje chofunditsa mtembo chinali apo, poyera, popanda ndi tsamba lomwe lotchinga. Anapatula masamba a kabichi wa kudzanja lamanja. Mutu woyamba panalibe, wachiwiri panalibe. Pa wachitatu kachigoba kanali kali mbee pakati pa masamba, ngati kaikidwa ndi munthu.

"Mwakapeza, mwana wanga?"

A Falesi anali atakhala pansi pa nthochi, chapatali pang'ono, miyendo atatambasula, jekete ataipinda bwino pamiyendo, kolona ili m'manja. Anali pamenepo chilirire mfuti. Palibe anawafunafuna, poti anali pamalo pawo: kutali ndi mpongozi, ngakhale mpongoziyo atagona.

Kettie anakhala pansi pafupi nawo. Ankawakumbukira mayi amenewa. Masiku a kusukulu aja ankamutumizira mbatata yootcha m'thumba la amuna awo.

"Abambo anu aja anabwera kudzatenga mfuti, anati ndikhale chete, ayankhula okha," anatero a Falesi. "Moyo wanga wonse ndawamvera. Koma ndakhala pano ndikuwayang'ana ali pathumba paja, ndipo kolonayi ikukana kuyenda."

"Ndiuzeni, mayi."

"Nditaoloka ndinakhala apa, nkhope nditalozetsa kuphiri, kuti ana akambirane zawo. Ndinati mwina Mulungu wawagwira mtima apongozi anga. Ndiye ndinamva Linda akuti, amayi! Osati kuitana kwa masiku onse. Kutembenuka, mwana ali pansi. Chikwanje chatsika kamodzi, watchinga ndi mkono. Chikukweranso." Anafumbata kolona ija. "Ndikanati nditsike khwawali ndi mawondo angawa, ndikanakapeza mutu uli pawokha. Kukuwa ndinakuwa, koma ndikuwe dzina liti? Dzina lawo silinatulukepo pakamwa panga. Apo ndi pamene ndinamva jekete ikundilemera mbali imodzi."

"Simunaope kulasa Linda?"

"Ndinaopa. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Koma mwana anali pansi, iwo ali chilili. Ndinagwada, manja ndinaika pachitsa, ndinatchula Amayi Maria. Basi."

Kettie anayang'ananso mtunda uja. Apolisi ambiri amene iye ankawadziwa, atawapatsa mfuti yaing'ono pamenepo, akanalasa kachewere.

"Munaphunzira kuti, mayi?"

"Momwe muno. Atapuma ntchito n'kupeza kamfuti kawo, anati nanenso ndidziwe, poti iwo amapita ndi kachewere ku Lilongwe, ine n'kutsala ndekha pakhomo. Tinkabwera m'khwawa muno, dzungu pachitsa. Iwo, yandikira, yandikira! Ine ndinkabwerera m'mbuyo. Chaka chilichonse ndinkabwererako pang'ono. Ankakalipa kuti ndikuwononga zipolopolo. Ndinkawauza kuti inu amuna mumadikira munthu afike pafupi chifukwa mfuti ikakana muli ndi nkhonya. Ine nkhalamba yaikazi, munthu akafika pondinunkhira thukuta ndiye kuti ndafa kale." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya jekete. "Koma sindinkaphunzirira mwana wa eni. Anali ndi mayi ake nayenso. Ulemu ndi umene wandilakwitsa lero. Ndikanakhala pomwepo, mwina akanachita manyazi ndi ine."

"Kettie!"

A Gwedeza anali atatulukira pamwamba pa khwawa, chokwawa, matope m'zigongono. Anayesa kuimirira mowongoka koma mwendo unakana, ndipo anakhala pachitsa chija.

"Kettie, ulembe zimene ndakuuza ine. Mayiwa asokonezeka mutu ndi mantha. Sadziwa chimene akunena."

"Bambo a Linda," anatero a Falesi motsitsa, "mwanayu wakapeza kachitsulo."

Mkuluyo anayang'ana dzanja la Kettie, ndipo nkhope yake inagwa. Atayankhulanso sanali mphunzitsi, anali mwamuna wokalamba wopempha.

"Mwana wanga, tamvera. Ine ndaphunzitsa anthu mazanamazana kuti wowombera patali ndi wakupha. Ena mwa iwo ndi amene lero amatengera milandu kukhoti. Akangomva kuti tsidya la khwawa, adzaimba nyimbo yanga yomwe ija pamutu pa mkazi wanga. Alibe chiphaso, alibe yunifolomu, sanagonepo m'chitokosi. Ine ndende ndimaidziwa. Kachigobako kaponye m'khwawamu. Sindinakupemphepo kanthu chikhalire."

Zinali zoona, sanamupemphepo kanthu. Kachigobako kanali kopepuka, khwawa linali pomwepo, ndipo Kettie anakafumbata mpaka kanamupweteka m'manja. Anafunitsitsa kuwamvera. Koma ankadziwa kumene kuwamverako kukanawafikitsa.

"Bwana, nkhani yanu singagone usiku umodzi. Malaya alibe mwaye. Vinsenti anakuonani mukutsika mfuti italira kale, ndipo pakamwa pa Vinsenti palibe chitseko. Dokotala akaona bala lija adzadziwa kuti chipolopolo chinachokera patali, cham'mbali. Ndikataya ichi, khoti lidzaona chimodzi mwa ziwiri: kaya munamubisalira mkamwini wanu n'kumusaka ngati gwape, kaya mukubisa Linda. Mukafera kundende, apo ayi akatenga mwana wanu."

Kettie anawalozera tsidya la khwawa.

"Koma bala lomwelo likunena kuti mkono unali m'mwamba. Mkono wa Linda ukunena chimene chinkatsika. Ngalande yotsekedwa ikunena kuti anabwera atakonzeka. Lamulo silifunsa za fungo la thukuta, bwana. Limafunsa ngati panali moyo woti upulumuke, ndi ngati panali njira ina. Ndaoloka khwawali ndi miyendo yanga. Njira ina panalibe, ndipo ndikanena zimenezo pamaso pa aliyense."

"Ukulonjeza kuti atuluka?"

Kettie akanapereka chilichonse kuti anene kuti inde. "Sindingalonjeze. Woweruza si ine."

Mkuluyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Iye mwini ndi amene anamuphunzitsa kusalonjeza chimene sichili m'manja mwake. Anayang'ana tsidya lija, kumene Linda anali atakhala pansi pa mpichesi, wamoyo, mwana wake wamng'ono atamukwera pamiyendo.

"Ndinkaphunzitsa munthu kuteteza thupi lake," anatero. "Sindinaganizepo kuti tsiku lina thupi lako likhoza kukhala tsidya lina la khwawa." Anatembenukira kwa mkazi wake, maso atafiira. "Mayi a Linda, zipolopolo zija simunawononge."

A Falesi anafunyulula jekete n'kuwaveka m'mapewa. "Valani, mudwala."

* * *

Galimoto ya polisi inafika dzuwa litapendeka, imodzi yokha, ija yapoyera kumbuyo. Mtembo anaukulunga m'mphasa n'kuugoneka kumbuyoko. Anthu atamva kuti wotengedwa ndi a Falesi, panamveka kung'ung'udza, amayi ena anayamba kulira mokweza, ndipo a Yeremiya anavula chipewa n'kuima ali kukamwa yasa. A Gwedeza nawonso ankayenera kupita, kukayankha za bodza lawo ndi za mfuti yosiyidwa pachitsa. Unyolo Kettie sanautulutse n'komwe.

Linda anawagwira mayi ake miyendo, akulira ngati kamwana. Iwo anamudzutsa, anamukonza duku la pamkono.

"Upite kuchipatala, balalo asoke. Ana asagone ndi njala. Ndipo kwa apongozi ako kukapite uthenga waulemu, amve kwa ife, asamve zam'maluwa."

Anayenda okha mpaka kumbuyo kwa galimoto. Wapolisi woyendetsa anatsitsa chitseko n'kuwapatsa dzanja kuti akwere. A Falesi anaona mphasa ija, ndipo anabwerera m'mbuyo, nkhope atatembenuzira kumbali.

"Kwerani, mayi, kukuda," anatero woyendetsayo.

A Falesi sanasunthe. Anamukodola Kettie n'kumunong'oneza, mwamanyazi, ngati wopempha chinthu chachikulu kuposa msinkhu wake.

"Mwana wanga, kundende ndipita, sindikukana. Koma musandikhazike pamodzi ndi iwo. Ndi apongozi anga amenewo."

Kettie anawagwira dzanja. Anangotsegula chitseko cha kutsogolo n'kuwakweza pampando. A Gwedeza anakwera kumbuyo, anakhala pambali pa mkamwini wawo, msana atatsamira chipinda cha woyendetsa.

Kettie anatsatira panjinga yake, m'fumbi la galimoto. Msewu wa kwa Kaphuka ndi wa mabampu, ndipo ankawaona a Gwedeza atagwira mphasa ndi dzanja limodzi kuti mtembo usagubuduke. Dzanja linalo analitambasula pagalasi, kumbuyo kwenikweni kwa mutu wa mkazi wawo, ndipo nthawi ndi nthawi ankagogoda ndi chala kuti awayang'ane, kamodzi kokha.

A Falesi ankamva kugogodako. Mapewa awo ankagwedezeka ndi kulira. Koma kumbuyoko kunali mpongozi, ndipo mpaka anafika pa tala wa Linthipe sanatembenuke.